Anthu anafunsidwa liti? Lipoti la momwe South Africa yakambirana njira yochoka pa malasha

Pa 31 Okutobala 2022 jenereta yomaliza ya pa siteshoni yopangira magetsi ya Komati, m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, inazimitsidwa. Siteshoniyi inayamba kupereka magetsi mu 1961, ndipo ili pachimake inali ndi majenereta 9 otulutsa mamegawati 1,000. Patangopita masiku ochepa, World Bank inalengeza kuti yavomereza ndalama zokwana madola 497 miliyoni zosinthira malowa kuti azipanga magetsi a dzuwa ndi mphepo, ndipo nthumwi za dzikolo zinanyamuka ulendo wa ku msonkhano wa mayiko wa za kusintha kwa nyengo wa COP27 ku Egypt zitatenga Komati ngati chitsanzo choonetsa kwa anzawo. Miyezi iwiri yokha izi zisanachitike, nduna za boma zinali zitavomereza chikalata chonena kuti ogwira ntchito ndi anthu a m'madera okhudzidwa azikhala nawo popanga zisankho za kusinthaku. Koma chaka chotsatira, komishoni ya pulezidenti yoona za nyengo, yomwe inalemba chikalatacho, itapita ku Komati kukamva kwa eni malo, inapeza kuti ambiri anauzidwa mochedwa ndipo panalibenso chimene akanasintha.

Ntchito yanga ndi yokonza ndi kutsogolera misonkhano yomva maganizo a anthu pa mapulani a boma okhudza mphamvu ndi zachilengedwe. Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito yomweyi, ndipo ndalitsamiritsa pa zikalata ndi zokambirana zomwe zili poyera. Ndasankha South Africa chifukwa yayesa kufunsa anthu ake kangapo, m'njira zosiyana, kwa zaka pafupifupi 20. Pena kufunsako kunasinthadi zinthu, pena kunangokhala mwambo wa chabe. Ndikamayerekeza maulendo onsewa, chimene chikusiyanitsa si kuchuluka kwa misonkhano kapena kukoma kwa mawu a m'zikalata, koma nthawi imene anthu anaitanidwa: nambala ndi tsiku zisanamangidwe, kapena zitamangidwa kale.

Dziko lokhazikika pa malasha

Magetsi oposa 80 pa 100 alionse ku South Africa amachokera ku malasha, ndipo pafupifupi onsewo amapangidwa ndi kampani ya boma ya Eskom. Masiteshoni ambiri ali m'chigawo chimodzi, Mpumalanga, mozungulira matauni a eMalahleni, Middelburg ndi Ermelo. Dzina loti eMalahleni lenilenilo limatanthauza malo a malasha. Ku Secunda kuli fakitale ya Sasol yomwe imasandutsa malasha kukhala mafuta a galimoto, ndipo ndi amodzi mwa malo otulutsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko pa dziko lonse lapansi. Migodi ya malasha imalemba anthu pafupifupi 90,000 m'dziko lomwe anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito sakuipeza. Kumbuyo kwa wa mumgodi aliyense kuli oyendetsa mathiraki, amayi ophika chakudya pageti, eni nyumba za lendi, oyendetsa minibasi ndi achibale akumudzi odikira ndalama ya pamwezi.

Malasha omwewo akudwalitsa anthu. Mu 2007 boma linalengeza dera la Highveld kukhala lofunika chisamaliro chapadera chifukwa cha kuipa kwa mpweya wake. Mu Malichi 2022 khoti lalikulu la ku Pretoria linagamula, pa mlandu womwe anasuma mabungwe a groundWork ndi Vukani Environmental Justice Movement in Action, kuti mpweya wa m'derali ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala pamalo osawononga thanzi lawo. Choncho munthu mmodzi yemweyo akhoza kukhala ndi mwana wodwala chifuwa chifukwa cha siteshoni, komanso n'kumalipira fizi ya mwanayo ndi ndalama ya ku siteshoni komweko. Wotsogolera msonkhano amene walowa mu holo akuganiza kuti mukhala magulu awiri, ofuna malasha ndi okana malasha, wasochera asanayambe.

Ulendo woyamba: chipinda cha akatswiri, 2006 mpaka 2008

Mu 2006 nduna za boma zinalamula kuti pakhale kafukufuku woona njira zomwe dzikolo lingatsate pochepetsa mpweya wotenthetsa dziko mpaka 2050. Ntchitoyi imadziwika ndi chidule choti LTMS. Masamu ake ankapangidwa ku Energy Research Centre ya pa yunivesite ya Cape Town motsogozedwa ndi Harald Winkler, ndipo zokambirana ankazitsogolera Stefan Raubenheimer, munthu wozolowera kuyanjanitsa mbali zokangana. Panakhazikitsidwa gulu la anthu ochokera m'maunduna, m'makampani akuluakulu monga Eskom ndi Sasol, m'mabungwe a anthu apantchito ndi m'mabungwe omwe si aboma.

Chomwe ndimasirira pa ntchitoyi ndi kagawidwe ka udindo. Akatswiri sankabwera ndi mayankho okonzakonza kuti gulu liwombe m'manja. Gululo ndi lomwe linkagwirizana manambala olowetsa m'kompyuta: chuma chidzakula bwanji pachaka, mtengo wa mafuta udzakhala pati, kumanga siteshoni ya mtundu wakutiwakuti kudzadya ndalama zingati. Akagwirizana, akatswiri ankapita kukawerengera n'kubwera ndi zotsatira pa msonkhano wina. Munthu amene wavomereza yekha manambala olowa zimamuvuta kukana otuluka. Otulukawo anali owopsa: dziko likangokula popanda malire alionse, mpweya wake ukanawonjezeka pafupifupi kanayi pofika 2050, pamene sayansi inkafuna kuti utsike ndi 30 mpaka 40 pa 100 alionse poyerekeza ndi 2003. Njira zonse zodziwika pa nthawiyo, ngakhale kuziphatikiza, sizinkatseka mpata umenewu.

Mu Julayi 2008 nduna za boma zinavomereza mfundo yoti mpweya ufike pachimake pakati pa 2020 ndi 2025, ukhazikike kwa zaka pafupifupi 10, kenaka uyambe kutsika. Pa mfundo imeneyi ndi pomwe panatsamira lonjezo la Pulezidenti Jacob Zuma pa msonkhano wa mayiko wa za nyengo ku Copenhagen mu 2009, loti dzikolo lidzachepetsa mpweya ndi 34 pa 100 alionse pofika 2020 ndi 42 pa 100 alionse pofika 2025 poyerekeza ndi momwe zikanakhalira popanda kuchitapo kanthu. Njira yokambirana imeneyi inakatengedwanso ku Brazil, Chile, Colombia ndi Peru kudzera mu pulogalamu ya MAPS.

Koma taonani zomwe zinkachitika kunja kwa chipindacho. Mu 2007 ntchito yomanga siteshoni ya Medupi inayamba, ndipo mu 2008 inayamba ya Kusile. Iliyonse ndi ya mamegawati pafupifupi 4,800, ndipo zonse ndi za malasha. Mu 2010 World Bank inabwereketsa Eskom madola 3.75 biliyoni, gawo lalikulu lopita ku Medupi. Zokambirana za nyengo zinali pansi pa unduna wa zachilengedwe, pamene zisankho za konkire ndi zitsulo zinkapangidwa kwina. Ndipo m'chipinda muja munali atsogoleri ndi akatswiri okhaokha. Mayi wogulitsa chakudya pageti la mgodi sanamve n'komwe kuti tsogolo lake likujambulidwa pa girafu.

Zaka zapakati ndizidumpha mwachangu. Mu 2011, chaka chomwe COP17 inachitikira ku Durban, bungwe lalikulu la anthu apantchito la COSATU linatulutsa mfundo zake pa kusintha kwa nyengo, ndipo mawu oti just transition, kutanthauza kusintha kochitika mwachilungamo, analowa m'chikalata cha boma cha chaka chomwecho. Ndi bwino kukumbukira kuti mawuwa anachokera kwa apantchito, osati kwa opereka thandizo. National Planning Commission, komishoni yokonza mapulani a chitukuko cha dzikolo, inayendetsa zokambirana zina m'zigawo mpaka 2019. Msonkho wa mpweya wa kaboni unayamba mu Juni 2019 pa marandi 120 pa tani, koma ndi zochotsera zambiri moti makampani ankalipira kachigawo kochepa chabe.

Pamene nambala inasinthadi: 2021

Mu Disembala 2020 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anakhazikitsa Presidential Climate Commission, yomwe ganizo lake linachokera ku msonkhano waukulu wa za ntchito wa mu 2018. Wapampando anali pulezidenti yemweyo. Wachiwiri wake pa nthawiyo anali Valli Moosa, yemwe anakhalapo nduna ya zachilengedwe komanso wapampando wa bodi ya Eskom, ndipo ofesi inkayendetsedwa ndi Crispian Olver. M'komishoniyi munakhala nduna zingapo pamodzi ndi anthu oposa 20 ochokera kwa amalonda, apantchito, achinyamata, ofufuza, mafumu ndi mabungwe omenyera zachilengedwe. Misonkhano yake inkaulutsidwa pa intaneti, moti aliyense wokhala ndi bandulo akanatha kumva nduna ikuyankha mtsogoleri wa yuniyoni. Mwambo umenewu ndi wotsika mtengo, koma ndi mabungwe ochepa m'chigawo chathu chino omwe amalimba nawo mtima.

Ntchito yake yoyamba inali ya lonjezo la dziko lochepetsa mpweya pansi pa mgwirizano wa mayiko wa za nyengo wa ku Paris. Lonjezo lakale linali lotakasuka kwambiri: mpweya wa pakati pa matani 398 miliyoni ndi 614 miliyoni pachaka. Mu Malichi 2021 unduna wa zachilengedwe, pansi pa Barbara Creecy, unatulutsa chikalata chongoyerekeza chonena kuti pofika 2030 mpweya ukhale pakati pa matani 398 miliyoni ndi 440 miliyoni, n'kupempha maganizo a anthu. Komishoni inaitanitsa masamu ena kwa ofufuza, inamva mbali zonse poyera, kenaka inalangiza kuti malirewo atsike kufika pakati pa 350 miliyoni ndi 420 miliyoni. Mu Seputembala 2021 nduna za boma zinavomereza manambala a komishoni, ndipo ndi omwe anatumizidwa ku United Nations.

Apa pali umboni wogwirika. Nambala inalowa ili ina, inatuluka ili ina, ndipo aliyense angathe kuika zikalata ziwirizo pambalipambali n'kuona. Pa ntchito yathu izi siziwonekawoneka. Nthawi zambiri timalemba kuti maganizo a anthu aganiziridwa, koma munthu atatipanikiza kuti timuonetse tsamba lomwe lasintha, timayamba kukanda m'mutu.

Zinatheka bwanji? Chikalata chinatuluka chikadali chosamangidwa, ndipo panali miyezi isanu ndi umodzi kuti boma lisankhe. Mbali zonse zinkakangana pa masamu amodzi, osati aliyense ndi ake. Ndiponso, tisabise, panali chokoka. Amalonda ankaopa kuti katundu wawo adzalipitsidwa msonkho wa kaboni pa malire a European Union, Eskom inali pa ngongole ya marandi pafupifupi 400 biliyoni ndipo inkafuna ndalama zotsika mtengo, ndipo msonkhano wa za nyengo wa COP26 ku Glasgow unali pakhomo. Masamu anaonetsanso kuti masiteshoni akale akangotsekedwa pa nthawi yomwe inali kale m'mapulani a magetsi a 2019, mpweya ukanatsika kufika pafupi ndi malire atsopanowo. Kugwirizana pa nambala ya dziko lonse n'kosavuta, poti nambala ya dziko lonse ilibe dzina la tauni iliyonse. Mkangano weniweni umayamba matani aja akasanduka dzina la siteshoni ndi tsiku lotsekera.

Komishoni ipita kwa anthu

M'miyezi yoyambirira ya 2022 komishoni inanyamula chikalata chongoyerekeza cha kusintha mwachilungamo n'kupita nacho kumadera: eMalahleni, Secunda, Carolina, Lephalale komwe kuli Medupi, kumwera kwa Durban komwe anthu amakhala moyandikana ndi mafakitale a mafuta, ndi Xolobeni komwe anthu akhala akukana mgodi pa malo awo kwa zaka zambiri. Ofika ankafuna kukamba za 2050. Eni malo anakamba za madzi, za chipatala, za achinyamata okhala pakhomo, za migodi yosiyidwa yosakwirira, ndi za alendo ena ambiri omwe anabwerapo ndi mafunso n'kupita osabweranso.

Wotsogolera wosazolowera amati anthu atuluka pamutu. Ine ndimati ndi pamene alowa. Ku Carolina, mu 2012, madzi a asidi ochokera m'migodi analowa m'damu la tauni ndipo anthu anakhala miyezi ingapo opanda madzi abwino akumwa. Munthu wa ku Carolina akamakufunsa za madzi pamene iwe ukukamba za kutseka migodi, akukufunsa ngati boma lomwe linalephera kuyang'anira mgodi uli ndi mwini wake lidzathe kuuyang'anira mwini wake atachoka. Funso limenelo ndi la pulani ya mpweya ndithu. Mu Epulo 2022, zokambirana zili mkati, madzi osefukira anapha anthu oposa 400 ku Durban ndi madera ozungulira, ndipo nkhani ya nyengo inasiya kukhala ya m'tsogolo.

Chikalata chomaliza, Just Transition Framework, chinavomerezedwa ndi nduna za boma mu Ogasiti 2022. Chinaima pa mitundu itatu ya chilungamo: kugawana mofanana phindu ndi zowawa za kusinthaku, kukonza zomwe zinawonongeka kale pa anthu ndi pa nthaka, ndi kupatsa okhudzidwa mpata weniweni popanga zisankho. Ndi chikalata chabwino. Vuto lake n'loti ndi cha mfundo, ndipo mfundo sizilemba munthu ntchito. Ndalama zinkakambidwa kwina.

Ndalama zikambidwa chitseko chotseka

Ku Glasgow, mu Novembala 2021, mayiko a France, Germany, Britain, United States ndi European Union analonjeza South Africa madola 8.5 biliyoni othandizira kuchoka pa malasha. Pulezidenti anakhazikitsa gulu lina lapadera, lotsogozedwa ndi Daniel Mminele, yemwe kale anali wachiwiri kwa bwanamkubwa wa banki yaikulu ya dzikolo, kuti likambirane ndi obwereketsa ndi kulemba pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Pulaniyo inatuluka mu Novembala 2022, COP27 itatsala masiku ochepa. Inati dziko likufuna marandi pafupifupi 1.5 thiriliyoni pakati pa 2023 ndi 2027. Pa ndalama zolonjezedwa zija, thandizo losabweza linali pafupifupi 4 pa 100 alionse. Zotsalazo zinali ngongole ndi zitsimikizo za ngongole. Mkati mwa pulaniyo, ntchito ya mpweya wa hydrogen inawerengeredwa marandi oposa 300 biliyoni, pamene kuphunzitsa anthu maluso atsopano kunapatsidwa marandi 2.7 biliyoni, zosakwana ngakhale 1 pa 100 alionse.

Kufunsa anthu mwakuya kunabwera kumayambiriro kwa 2023, pulani itaonetsedwa kale kwa atsogoleri a mayiko. Mabungwe a apantchito anakwiya, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Anafunsa kuti ngongolezi adzabweza ndani, kuti magetsi atsopano akhala a boma kapena a makampani a anthu, ndiponso kuti wa mumgodi wa zaka 50 apita kuti. Komishoni inalemba madandaulowa mosabisa n'kuwapereka kwa pulezidenti, ndipo pulani yotsatira, yofotokoza kachitidwe ka ntchito, yomwe nduna zinavomereza kumapeto kwa 2023, inayesa kukonza zina. Koma chikhulupiriro chomwe chinamangidwa mu 2021 chinali chitang'aluka. Nduna ya migodi ndi mphamvu pa nthawiyo, Gwede Mantashe, yemwe kale anali mlembi wamkulu wa yuniyoni ya ogwira ntchito m'migodi ya National Union of Mineworkers, ankanena poyera kuti malasha adzakhalapo kwa nthawi yaitali ndipo mayiko olemera asakakamize dzikolo. Anthu ambiri a m'migodi anamumva iyeyo kuposa komishoni.

Ndikumvetsa mbali ya omwe ankakambirana ndi obwereketsa. Chiwongoladzanja sichikambidwa mu holo ya anthu 300. Koma kagawidwe ka ndalama pakati pa mawaya, mafakitale ndi anthu si chinsinsi cha kubanki. Chimenecho chikanapita kwa anthu chikadali cholembedwa ndi pensulo.

Komati

Tibwerere komwe tinayambira. Komati inatsekedwa chifukwa cha ukalamba, ndipo izi ziyenera kunenedwa poyamba, poti m'ndale za dzikolo nkhaniyi imakambidwa ngati kuti azungu analamula kuti siteshoni yamphamvu izimitsidwe. Inali itapumitsidwapo kale kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 magetsi atachuluka, n'kudzutsidwanso patapita zaka zambiri magetsi atachepa. Majenereta ake anazima limodzilimodzi kwa zaka zingapo, ndipo tsiku lomaliza lija inkatulutsa mamegawati ongopitirira 100. Pulani yatsopano inali yomanga magetsi a dzuwa a mamegawati 150, a mphepo a mamegawati 70 ndi mabatire a mamegawati 150, pamodzi ndi malo ophunzitsirako maluso ndi fakitale yolumikiza timagetsi ta dzuwa ta m'makontena.

Eskom inalonjeza kuti palibe wantchito wake wokhazikika amene adzachotsedwe, ndipo ambiri anasamutsidwira ku masiteshoni ena kapena anatsala kusamalira malowo. Pa pepala nkhani inathera pamenepo. Koma siteshoni ya malasha imayenda ndi anthu ambiri a makontrakiti: okonza makina, osesa, onyamula phulusa, alonda, oyendetsa mathiraki. Amenewa anayamba kuchepa majenereta atayamba kuzima, kalekale pulani yosamalira anthu isanalembedwe. Wantchito wokhazikika akasamutsidwa, malipiro ake amasamuka naye, ndipo golosale, saluni ndi mwini nyumba ya lendi ku Komati, Blinkpan ndi Koornfontein amatsala opanda kasitomala. Ntchito sinathe kwa munthuyo, koma yatha kwa tauni.

Komishoni inakayendera malowa mu 2023, ndipo mu Novembala chaka chomwecho inatulutsa lipoti la zomwe zaphunziridwa. Lipotilo silinazungulire. Linati kukonzekera kunayamba mochedwa, kukambirana ndi anthu kunali kosakwanira ndipo kunabwera zisankho zazikulu zitapangidwa, ntchito zatsopano zinayenera kuyamba siteshoni isanatsekedwe, ndipo ntchito yotukula dera lonse singasiyidwe m'manja mwa kampani ya magetsi yokha popanda khonsolo, boma la chigawo ndi maunduna ena. Ndimalemekeza kuti bungwe lotsogozedwa ndi pulezidenti linalemba zimenezi za pulojekiti yomwe boma lake linkanyadira kunja.

Pali mfundo imodzi m'nkhaniyi yomwe ndimaibwereza kwa anzanga: kaundula wa oitanidwa. Tikamakonza msonkhano timayamba ndi omwe ali ndi ofesi, nambala ya foni ndi chidindo. Yuniyoni imabwera, koma yuniyoni imayankhulira makamaka mamembala ake, omwe ambiri ndi okhazikika. Khansala amabwera. Bungwe la amalonda limabwera. Wa kontrakiti yemwe ntchito yake inatha zaka ziwiri zapitazo sali pa mndandanda uliwonse, ndipo mwina anabwerera kwawo ku Limpopo, ku Mozambique kapena ku Lesotho. Mayi wa pageti alibe womuimirira. Timadzitonthoza kuti atsogoleri akawauza anzawo, kuiwala kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife a ku Malawi nkhani imeneyi tikuidziwa ndi thupi lathu. Abambo ndi agogo athu ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, ndipo pamene kulemba anthu kunaima mu 1988 palibe anawafunsa kanthu. Ena akhala akulondola ndalama zawo mpaka ukalamba. Migodi yawo yambiri inali ya golide, osati malasha, koma momwe wobwera amafufutikira m'kaundula ntchito ikatha ndi chimodzimodzi.

Chinanso ndi nthawi imene Komati inatsekedwa. Chaka cha 2023 chinali choipitsitsa pa kuthimathima kwa magetsi m'mbiri ya South Africa: magetsi anathimitsidwa mosinthana pa masiku oposa 300, pena kwa maola 10 kapena kuposa pa tsiku. Mamegawati a ku Komati sakanathetsa vutoli, koma yesani kufotokozera munthu amene nyama yake yawola mu firiji kuti kutseka siteshoni kunali koyenera. Nduna ya magetsi yomwe inasankhidwa mu Malichi 2023, Kgosientsho Ramokgopa, inanena poyera kuti siinakondwe ndi momwe Komati inatsekeredwa. Kuyambira pamenepo, pa msonkhano uliwonse wa kusintha mwachilungamo ku Mpumalanga, dzina la Komati limatchulidwa ngati chenjezo. Wolonjeza ntchito za magetsi a dzuwa zomwe zidzabwere amayankhidwa ndi nzeru ya makolo athu yoti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zomwe ndasintha pa ntchito yanga

Nkhaniyi yandisinthitsa zinthu zingapo. Ndisanavomere kutsogolera msonkhano, ndimafunsa wondituma kuti andiuze chimene chikadali chotseguka m'pulani yake: nambala iti, tsiku liti, mzere uti wa bajeti. Akati palibe, ndimamuuza kuti tiutche msonkhano wodziwitsa anthu, ndipo tiwauze anthu choncho pa kalata yowaitana. Anthu amapirira kuuzidwa chisankho chowawa. Chimene sakhululuka ndi kuitanidwa kudzapereka maganizo pa chinthu chomwe chinasainidwa kale.

Ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Zaka zapitazo ndinatsogolera msonkhano wina m'boma lina kwathu kuno, wokhudza nkhuni ndi makala. Tinali ndi mapepala akuluakulu pakhoma, zakumwa, ndi ndalama yoyendera. Chakumapeto mayi wina wachikulire anaimirira n'kundifunsa mwaulemu kuti, achimwene, zomwe tanenazi mukazilemba pati, poti buku lanulo laoneka kuti ndi losindikiza kale. Ndinalibe yankho, chifukwa bukulo linalidi losindikiza. Kuyambira tsiku limenelo lipoti langa lililonse limakhala ndi tebulo la mizati itatu: chomwe chinanenedwa, chomwe chinasintha, ndipo ngati sichinasinthe, chifukwa chake. Tebulolo limabwerera kwa omwe analankhula, m'chinenero chawo. Mabwana ena salikonda, poti mzati wachitatu umakhala wautali.

Ndasiyanso kuyamba kaundula ndi mabungwe. Ndimayamba ndi ndalama: ikatuluka pageti, imadutsa m'manja mwa ndani mpaka itathe? Aliyense wa m'njira imeneyo ndi wokhudzidwa. Malawi analonjeza mu 2021 kuti adzachepetsa mpweya ndi 51 pa 100 alionse pofika 2040 ngati thandizo lakunja lipezeka, ndi 6 pa 100 alionse ndi mphamvu zake zokha. Mpweya wathu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa South Africa, ndipo magetsi athu ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire, osati ku malasha. Koma pulani iliyonse yathu idzakhudza wootcha makala, wa njinga yemwe amawatsitsa m'phiri usiku, ndi mayi wa m'tauni yemwe amagula kajumbo ka makala tsiku ndi tsiku. Awa ndiwo a kontrakiti athu. Ntchito ya ambiri mwa iwo ndi yoletsedwa ndi lamulo, choncho sabwera pa msonkhano womwe pakhomo pake paima galimoto ya zankhalango. Amafunika kuwapeza kwina, pa nthawi ina, ndi munthu amene samuopa.

Ku South Africa nkhani ikupitirira. Mu Julayi 2024 pulezidenti anasainira lamulo la Climate Change Act, lomwe limakhazikitsa komishoni ija m'malamulo ndi kulamula kuti pakhale malire a mpweya a gawo lililonse la chuma komanso a makampani akuluakulu. Mu Malichi 2025 United States inatuluka mu mgwirizano wa ku Glasgow, mayiko enawo n'kutsala. Ndipo mu 2024 masiteshoni atatu omwe anayenera kutsatira Komati posachedwa, Hendrina, Camden ndi Grootvlei, analoledwa kugwirabe ntchito mpaka 2030. Chifukwa chomwe chinaperekedwa chinali kusowa kwa magetsi, osati kufuna nthawi yokambirana ndi anthu. Komabe matauni a Hendrina, Ermelo ndi Balfour apeza zaka zomwe Komati sinapatsidwe. Ine chimene ndikuyang'ana m'malipoti ochokera kumeneko ndi ngati a kontrakiti awerengedwa mayina majenereta akadali kulira, ndiponso ngati fakitale kapena munda woyamba wolemba anthu ntchito udzatsegulidwe chimuni chisanasiye kufuka.